Tsiku lomwe tinasaka mwini sisitimu

Amalume anatsika minibasi ya ku Mitundu m'depoti ya Lilongwe nthawi itangopitirira 7 koloko m'mawa, atavala jekete lawo la kutchalitchi ngakhale linali Lachiwiri. Munali mu June, mwera ukunyamula fumbi la mu Malangalanga n'kumalithira m'maso mwa anthu. M'dzanja anafumbata kajumbo ka shuga kopinda kanayi, momwe munali chiphaso chawo cha unzika ndi kafoni ka mabatani komanga ndi mphira kuti batire lisamagwe. Moni wautali uja wofunsa ana mmodzimmodzi sanandipatse. Anangoti, "Mphwanga, undiperekeze kwa eni ake a zinthuzi. Ndikufuna ndikawaone nkhope."

Chomwe chinawadzutsa m'mamawa ndi soya. Anakolola bwinoko, ndipo atagulitsa kwa mavenda n'kugula zofunika pakhomo anatsala ndi K140,000. Ana awo akhala akuwaseka kuti ndalama sasunganso kunsi kwa mphasa, choncho anapita kwa ejenti n'kukaiika mu foni. Patangotha masiku awiri foni inalira. Woimbayo anawalonjera mwaulemu, anawatchula dzina lawo ndi la bambo awo lomwe, n'kunena kuti ndi wa ku kampani ya foni. Anati nambala yawo itsekedwa madzulo omwewo chifukwa chiphaso chawo chatha mphamvu, koma asade nkhawa, iye awathandiza, angodina zomwe awauze. Amalume anadina. Anamuthokoza munthuyo mpaka kumudalitsa. Ndalama inapita yonse chitseko chili chitsekere, galu ali gone pakhonde osauwa n'kamodzi komwe. Kampaniyo sindiitchula, chifukwa misozi yotereyi ndaiona kwa anthu a manambala oyamba mosiyanasiyana.

Tinatuluka m'depoti tikuzemba mawilibala ndi akabaza, oitanira minibasi akutikoka mikono, n'kulowa mu Malangalanga momwe masitolo a malata ndi simenti ankatsekulidwa kumene. Ndinayamba kuwerenga maambulera ndi timakontena ta maejenti, ofiira ndi obiriwira, koma ndinatopa nawo tisanafike pa mzikiti waukulu uja. Ndani akukumbukira kuti zonsezi ndi za dzulodzuloli? Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM n'kutsatira mu 2013. Zisanabwere, ndalama yopita kumudzi inkayenda mu envulopu, m'thumba la kondakitala wa basi kapena la m'bale wopita ku maliro. Inkachedwa, nthawi zina inkafika yoperewera, koma ikapereweramo unkadziwa khomo lokagogoda.

Amalume anaima pa ambulera ina pomwe panali mtsikana wovala juzi, mafoni atatu ali ndandanda patebulo, chikwama cha ndalama atachimangirira m'chiuno. Anamufotokozera zonse kuyambira pa kubzala soyayo. Mtsikanayo anamvetsera osawadula, kenako anati, "Pepani agogo. Sabata ino ndinu achitatu kundiuza zomwezi."

"Nanga dzina langa analidziwa bwanji, mwana wanga?"

Iye anatenga imodzi mwa mafoni aja, analemba nambala ya amalume ngati akufuna kuwatumizira ndalama, n'kuwatembenuzira kuti aone. Dzina lawo lonse linali pamenepo. Chinthu chomwe anachiika kuti munthu asatumize ndalama kolakwika ndi chomwecho chimauza wakuba dzina loti aitanire. Ine maso anga anali pa buku la patebulopo, lotsekula, mwala utatsamira tsamba kuti mphepo isalitembenuze. Mzere uliwonse unali ndi dzina la munthu, nambala ya foni, ndalama zomwe waika kapena watapa, ndi sayini yake. Aliyense woima pamzere akanatha kuwerenga kuti wangolandira zambiri ndani. Buku likadzadza limapita kuti? Tsiku lina ndinagulapo mandasi okulungidwa m'tsamba lotere, mafuta atanyowetsa mayina a anthu osawadziwa, ndipo ndinadya mandasiwo n'kutaya pepalalo m'ngalande ngati wina aliyense.

Mtsikana ameneyu sindinamuone ngati wolakwa. Pa mphindi zochepa zomwe tinaima pamenepo anagulira mayi wina mayunitsi a magetsi, analipirira bambo wina fizi ya mwana, anawerengera gogo wina uthenga womwe unabwera m'Chingerezi, n'kumudinira pini yomwe gogoyo anamunong'oneza. Ntchito zomwe kale zinkafuna banki, positi ofesi ndi kalaliki wa kwa DC, iye akuzigwira pansi pa ambulera, ndi floti yomwe anakongola kwa achimwene ake. Sanalumbire pamaso pa aliyense, ndipo akamupusitsa akuba amabweza za m'thumba mwake. Munthu wakumudzi akafuna kuona nkhope ya zinthu zamakonozi, nkhope yomwe amaipeza ndi imeneyi, ya munthu yemwe alibe mphamvu yobweza ngakhale tambala. Anatilangiza kuti tipite ku shopu ya kampaniyo kutsidya.

M'malo mozungulira kukadutsa pa mlatho wa boma wa pa Kamuzu Procession, tinatsetserekera kumtsinje, pakati pa msika wa Lizulu ndi wa Tsoka. Amene sanafikeko sangamvetse. Pamwamba pa mtsinje wa Lilongwe, womwe madzi ake ndi amtundu wa tiyi wopanda mkaka ndipo m'mbali mwake mwadzadza majumbo, anthu anamanga milatho yawoyawo ya mitengo ndi matabwa. Imagwedezeka munthu ukapondapo, pansi pakuoneka m'mipata ya matabwa, amayi osenza madengu a tomato akudutsa osayang'ana n'komwe pomwe akuponda. Kumapeto kwa mlatho kumakhala mwini wake kapena mnyamata wake ndi kambale ka ndalama. Ukawoloka umalipira. Madzi osefukira akaukokolola, eni ake amaumanganso chifukwa ndi munda wawo.

Tili pakati pa mlathowo ndinaganiza kuti ndalama za mu foni zinabweranso chonchi. Mlatho wa boma ulipo, wasimenti, koma uli kutali ndi pomwe anthu akufuna kuwolokera, ndiye wina anaona mpata n'kuyala matabwa. Anthu anathamangirako asanafunse kuti thabwa likathyoka mlandu ndi wa yani. Ndinawauza amalume maganizo angawo. Iwo anapereka ndalama kwa mnyamata wa kambale, anamuyang'anitsitsa, n'kundiyankha kuti, "Awa bola. Ukagwera m'madzi, womugwira malaya ali pomwepa."

Mu shopu ya kampaniyo munali mozizira, matailosi akuwala, ndipo pakhomo makina anatilavulira kapepala ka nambala yodikirira. Amalume anavula chipewa. Itakwana nthawi yathu tinapeza mnyamata wa tayi, waulemu kwambiri, yemwe anagogoda pa kompyuta n'kutiuza zonse mwatsatanetsatane: ola lomwe ndalama inachoka, kuti inalowa pa nambala ina, kuti pasanathe mphindi khumi inali itatapidwa kale kutali ndi kuno. Kenako ananena mawu omwe ndawamva kambiri m'zaka izi. "Sisitimu ikuonetsa kuti munatumiza nokha, bambo, ndi pini yanu." Amalume anavomera kuti chala chinali chawo, koma anafunsa dzina la mwini nambala inayo. Mnyamatayo anati dzina likuoneka, koma zambiri za munthuyo sangatipatse, n'zachinsinsi cha kasitomala, pokhapokha apolisi atabwera ndi chikalata cha khoti. Ndikudziwa kuti lamulo limeneli ndi labwino, ndipo tsiku lina likhoza kutchinjiriza ine ndemwe. Koma m'mawa umenewo chinsinsi cha amalume chinali pambalambanda pansi pa mwala, cha wakuba chili chokhoma ndi loko.

Dzinalo akanatipatsa, mwina silikanatifikitsa patali. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simukadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, yosalembetsa idulidwe, ndipo anthu anaima m'mizere akuuzidwa kuti akuba a pa foni atha. Akubawo anangosintha njira. Simukadi amailembetsa ndi chiphaso cha munthu wina, kawirikawiri wakumudzi yemwe anachibwereketsa kapena kuchisiya m'manja mwa wina osaganiza kanthu. Chiyambireni pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP mu 2020, pomwe thumba la fetereza linali K4,495 ndipo mlimi ankagula poonetsa chiphaso, zamveka chaka ndi chaka kuti mavenda akutolera ziphaso za alimi. Chiphaso chikagona m'thumba la venda sabata yathunthu, ndani angadziwe zomwe chagwira? Apolisi eni ake akhala akunena kuti ambiri mwa mauthenga aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" amachokera kwa akaidi a kundende ya Zomba. Munthu boma linamutsekera kuseri kwa mpanda wautali, koma mawu ake akuyenda dziko lonse, mpaka kukalowa m'nyumba ya amalume ku Mitundu.

Tinakhala pa benchi ya mayi wogulitsa tiyi kuseri kwa masitolo a mu Area 4. Amalume anatulutsa chiphaso chawo m'kajumbo kaja n'kuchitembenuzatembenuza. "Kale tinkayenda ndi khadi la chipani," anatero. Anandikumbutsa za anyamata a malaya ofiira omwe ankaima pa chipata cha msika ndi pokwerera basi nthawi ya chipani chimodzi. Wopanda khadi sankalowa mumsika, ngakhale atasenza nkhuku kuchokera kutali. Mayi woyembekezera ankatha kuuzidwa kuti agulirenso khadi mwana wa m'mimbayo. Zimenezi zinatha ndi riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo amalume amati tsiku lomwe analowa mumsika manja ali m'thumba osafunsidwa kanthu, anazungulira kawiri osagula chilichonse, kungofuna kumva kukoma kwake.

Sindinagwirizane nawo kuti chiphaso cha unzika ndi khadi lomwe lija lavala malaya ena, ndipo ndinawauza. Chisanafike chaka cha 2017 Mmalawi wamba analibe chomudziwikitsa chenicheni. Ankadalira chitupa chovotera kapena kalata ya amfumu. M'chaka chimenecho bungwe la NRB, mothandizidwa ndi UNDP, linayenda dziko lonse ndi makina oyendera mphamvu ya dzuwa, kujambula nkhope ndi zidindo za zala, ndipo m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'mwamba. Imeneyo inali ntchito yaikulu, ndipo amayi ambiri anatsekula akaunti koyamba m'dzina lawolawo chifukwa cha kakhadi kameneka. Khadi la chipani linkafunsa kuti uli mbali iti, chiphasochi chimangofunsa kuti ndiwe yani. Komabe amalume anali ndi mfundo yawo. Simukadi, banki, fetereza, pasipoti, kulembetsa mavoti, zonse zapachikidwa pa msomali umodzi. Ziphaso zija zinalembedwa tsiku lothera mphamvu, ndipo zambiri zinayamba kutha patangopita zaka zochepa. N'chifukwa chake bodza la woimba uja linalowa mosavuta. Anakanda pomwe pankawayabwa kale, pa mantha a munthu yemwe amadziwa kuti kakhadi kakakanidwa zitseko zonse zitsekeka pamodzi.

Kupolisi komwe tinapita, komwenso sinditchulako, tinalandiridwa ndi bambo wachikulire wa mawu ofatsa. Analemba sitetimenti ndi bolopeni pa pepala la mizere, pang'onopang'ono, akufunsa kalembedwe ka dzina la mudzi. Kumbuyo kwake kunali milu ya mafayilo omanga ndi ulusi. Anatifotokozera njira yonse mosabisa: pafunika chilolezo cha khoti, kenako kalata ipite ku kampani, kampani iyankhe, ndipo nambalayo ikapezeka kuti ili ku boma lina pafunika wina akwere galimoto kupita kumeneko. Ndalama inayenda mphindi khumi, kuitsatira kukufuna masabata. Anang'amba kapepala, analembapo nambala ya mlandu, n'kuwauza amalume kuti foni isamazime, adzawaimbira. Potuluka amalume anang'ung'udza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo anapinda kapepalako n'kukaika m'kajumbo ka shuga.

Apa ndiye pomwe mtima wanga umawawa, chifukwa dzanja la lamulo limatha kufulumira likafuna. Lamulo la 2016 loona za malonda a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti lili ndi ndime zolanga wozunza kapena kunyoza mnzake pa foni ndi pa kompyuta, ndipo ndime zimenezi sizinachite dzimbiri. Mu 2024 bambo wina wa ku Mponela anapezeka wolakwa chifukwa choika pa gulu la WhatsApp kakanema ka pa TikTok koonetsa nkhope ya Pulezidenti Lazarus Chakwera pa chidole chovina, pamodzi ndi mawu onyoza. Anamulamula kulipira K200,000 kapena kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi. Atolankhani nawo alandidwapo mafoni ndi makompyuta. Sindikunena kuti kutukwana n'kwabwino. Koma munthu akaona kuti woseka mtsogoleri amapezeka msanga kusiyana ndi wobera mlimi, amadziwa yekha kuti mpandawo anamangira kuteteza nyumba ya yani.

Amalume anakana njinga yamoto, anati mafupa awo ndi akale, choncho tinapanikizana mu Sienta yopita ku City Centre. Tinadutsa msewu uja tinauzolowera kuti Kenyatta, womwe anaukuza n'kugwetsa mitengo yambiri ya m'mbali, tinawoloka Lingadzi, ndipo phokoso la Old Town linatsala m'mbuyo ngati wina watseka wailesi. Ku City Centre kuli kapinga, misewu yotakata ndi nyumba zotalikirana, moti woyenda pansi amaoneka ngati wasochera. Ndinawalozera nyumba ya Reserve Bank, yotambalala kumwamba kuposa pansi, ndi kuwauza kuti ndalama za mu foni amaziyang'anira ndi amenewa. Anafunsa ngati tilowe. Ndinayamba kuwafotokozera kuti ndalamayo ndi ya a Reserve Bank, koma foni ndi simukadi ndi za MACRA, chiphaso ndi cha NRB, wakubayo ndi wa apolisi, ndipo akakhala kuti ali kale m'ndende ndiye kuti ndi wa oyang'anira ndende. Aliyense wagwira mwendo wake wa nyamayi, ndipo aliyense akhoza kukuonetsa kuti mwendo wakewo waugwira bwino. Wakuba yekha ndiye amaiona nyama yonse. Amalume anangopukusa mutu n'kupitiriza kuyenda.

Tinafika pa Nyumba ya Malamulo, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kutsekulidwa mu 2010. Tinaima kunja kwa mpanda, pafupi ndi mphambano yozungulira pomwe ochita zionetsero amakonda kudzathera. Muno ndi momwe foni ya amalume imakambidwa iwo kulibe. Mu 2015 munadutsa msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pa foni ndi pa bandulo ya intaneti. Mu 2019 nduna ya zachuma inabweretsa msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zoyenda pa foni, koma anthu anakuwa kwambiri mpaka unachotsedwa. Lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina linayamba kugwira ntchito mu 2024, zaka zisanu ndi ziwiri boma litatolera kale zidindo za zala za anthu 9 miliyoni aja, ndipo zaka khumi ndi ziwiri buku loyamba la ejenti litatsekulidwa. Udindo woliyang'anira anaupereka kwa MACRA, bungwe lomwelo lomwe limapereka ziphaso kwa makampani a foni, komanso lomwe zaka zapitazo linakokedwa m'makhoti chifukwa cha makina omwe anthu anawatcha aukazitape. Mwina adzaigwira bwino ntchitoyo. Ine ndikanakonda mlonda wa zinsinsi zanga akanakhala wopanda ntchito ina yofuna kudziwa zomwe ndikuchita.

M'nyumba yomweyi, mu February 2024, Pulezidenti Chakwera anauza aphungu kuti makina osindikizira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa kompyuta omwe akufuna dipo, ndipo anati boma silipereka. Kwa masabata angapo dziko linalephera kupatsa nzika zake pasipoti. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira, achinyamata omwe anapeza ntchito kutali, onse anangokhala. Palibe msilikali wa dziko lina anawoloka malire, koma chipata cha dziko chinatsekeka, makiyi ali m'manja mwa anthu osaoneka. Ndinawauza amalume kuti boma nalo linaimbiridwapo foni yonga yawo ija. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anaseka.

Pafupi pomwepo pali chiliza cha Kamuzu Banda, cha nsanamira zinayi ndi chithunzi chake pamwamba pa khomo. Amalume anavulanso chipewa, kaya mwa ulemu kaya mwa chizolowezi. Mkuluyu ankadziwa kugwira nkhani kuti isatuluke. Bungwe lake lounika mabuku ndi mafilimu linkaletsa zomwe lafuna, makalata ankatsekulidwa, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino sinayambe mpaka 1999, iye atamwalira kale. Koma mu 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March, makina a fakisi ndi a fotokope a m'maofesi anayamba kuchulukitsa timapepala totsutsa boma usiku ndi usana. Anthu anamangidwa chifukwa cha timapepalato, koma mtsinje unali utasefukira kale. Ulamuliro womwe unkadziwa zonong'onezana za m'mabasi unapezeka kuti sukudziwa chochita ndi makina a mu ofesi. Olamulira onse obwera pambuyo pake akuoneka kuti phunziro lomwe anatolapo ndi loopa zomwe anthu akutumizirana.

Kuchoka apo tinakwera pang'onopang'ono kulowera ku Capital Hill, amalume akupuma pafupipafupi. Nyumba za maunduna zinamangidwa likulu likusamuka ku Zomba kubwera kuno, zomwe zinachitika mu 1975 ndi ngongole yochokera ku South Africa, ndipo zimafanana ngati ana a mimba imodzi. Tinakhala pansi pa mtengo tikuyang'ana anthu a mataye ndi mafayilo akulowa ndi kutuluka. Kuno ndi komwe mawu oti sisitimu anayamba kununkha. Boma linaika ndondomeko ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama zake, ya IFMIS, mu 2005, pofuna kutseka mipata yomwe mapepala ankasiya. Pa 13 September 2013 mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pa geti ya nyumba yake, ndipo m'masabata otsatira apolisi anapeza mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Njira yake inali yosavuta mochititsa manyazi. Wina ankalowetsa mu kompyuta malipiro a kampani yomwe sinagulitse boma ngakhale pensulo, cheke chinkatuluka, ndalama inkatapidwa ku banki, kenako wina ankafufuta zonse mu kompyutamo. Akatswiri a Baker Tilly ochokera ku Britain anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka mosayenera pakati pa April ndi September chaka chimenecho. Mayiko othandiza anaimitsa ndalama zawo za mu bajeti, ndipo ululu wake unakamveka ku zipatala za kumudzi.

Pali anthu omwe akamva izi amati tibwerere ku mapepala. Amenewo aiwala chisankho cha pa 21 May 2019, chomwe khoti linachithetsa pa 3 February 2020, mwa zina chifukwa cha mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex. Pepala nalo limanama, limangofuna kabotolo ka utoto woyera. Ndipo zambiri za kuba kwa ku Capital Hill kuja, komwe anakutcha Cashgate, zinadziwika chifukwa makina amasiya mapazi ngakhale pomwe munthu wasesa. Vuto lomwe ndinaliona nditakhala pansi pa mtengo uja ndi lina. Kale ukapita ku ofesi ankakuuza kuti bwana kulibe, mubwere mawa. Zinkapweteka, koma jekete la bwanayo unkaliona pa mpando. Unkatha kumudikira pakhomo, kufunsa kwawo, kumutumizira mawu kudzera kwa mlamu wake, kapena kukamunenera kwa wamkulu wake. Lero akuti netiweki yavuta, sisitimu yagwa, sisitimu yakukanani. Sisitimu ilibe jekete, ilibe kwawo, ilibe mlamu. Pali munthu yemwe anaigula, wina anasayinira kontirakiti yake, wina ali ndi makiyi ake, wina anasankha kuti uthenga wochenjeza ubwere m'chinenero chomwe amalume samva. Onsewa mawu amodzi aja amawaphimba ngati bulangeti, ndipo kutsogolo amasiyako mnyamata wa tayi ndi mtsikana wa pa ambulera kuti azipepesa.

Amalume anayang'ana nyumba zija nthawi yaitali. Anafunsa kuti mwa zonsezi, yoona za mafoni a anthu akumudzi ndi iti. Ndinaloza ina, kenako ndinakayika n'kuloza inzake. Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili mwana ndikabwera ndi mbuzi zoperewera madzulo. Anadzuka, anasasa fumbi pa thalauza, n'kunena kuti dzuwa lapendeka, minibasi za ku Mitundu zikadzadza adzafika usiku.

Tinabwerera ku Old Town magalimoto atayamba kuthinana. M'depoti fungo la chiwaya linali litasakanikirana ndi utsi wa dizilo, ndipo mtsikana wa pa ambulera uja ankawerengera ndalama zake chozembera, buku lija atalipinda m'khwapa. Ndinafuna kuwatumizira amalume kangachepe pa foni kuti akagule sopo, koma anagwira dzanja langa n'kunena kuti ndiwapatse m'manja. Anazikulunga mu mpango, n'kupatulapo zochepa zokatchajitsira foni pa shopu ya sola ya kwawo, chifukwa wapolisi uja anati isamazime.

Atakhala kale pa mpando wa pawindo, kondakitala akumenya chitseko kuti galimoto inyamuke, anatulutsa mutu n'kundikodola.

"Mphwanga, akadzaimba n'kunditchula dzina, ndidzadziwa bwanji kuti ndi enieniwo?"

Minibasi inali itayamba kale kuyenda, ikulimbirana mpata wotulukira ndi ina ya ku Nathenje.